Msamuko wa Zilembo

Kashopu kanga kali kuseri kwa msika wa Mangochi,
pakati pa wometa ndi wogulitsa machaja.
Zaka khumi ndi zinayi ndikutayipa nkhani za eni ake:
ogulitsana malo ku Namiyasi, opempha uphunzitsi,
mapulogalamu a maliro, madandaulo opita kukhothi.
Tsamba limodzi faifi handiredi.
Ukasintha maganizo nditasindikiza kale, ulipiranso.

Chala changa chaching'ono cha kumanja chinathyoka
tsiku lomwe kabaza anandigwetsa potsika mlatho,
n'kupola chokhota ngati mbedza.
Tsono amene anayala mabataniŵa
sanalembepo ng'ombe, m'nyumba, n'chifukwa, pang'onopang'ono.
Nkhodolero anaiponya kumapeto kwa mzere,
kwa chala cholumala chomwechi,
ndipo pofika nthaŵi ya swala ya masana
ululu unkakhala utakwera mpaka m'chigongono.

Pomwe Q ali phee pakona, sagwira ntchito, salipira lendi.
X nayenso chimodzimodzi.
Ndipo w wovala kofiya uja, wa mu dzuŵa ndi maŵa,
analibe ndi pogona pomwe,
ndinkachita kukamubwereka m'kalata yakale.

Lachisanu lina magetsi atabwera msanga
Twaibu, mwana wa achemwali, anati: Anti, izitu zimasamuka.
Iye analoŵa m'kati mwa makina n'kumalemba zakezo,
ine ndinatenga sipoko ya njinga n'kuyamba kuzula.
Pansi pa mabatani ndinapezapo mchenga,
makoko a mtedza, mapiko a nkhungu,
ndi kapini komwe ndinakalipira mtsikana wantchito chaka chatha.

Nkhodolero inapita kwa X, pansi pa chala cha mphete.
Wa kofiya analanda nyumba ya Q.
Batani lotsikira mzere linawolokera kumanzere
pamalo pa lija lokuza zilembo, lomwe ntchito yake n'kukuwa basi.
Pa lililonse ndinamatapo kapepala ndi selotepi.

Sabata yoyamba zala zinkabwerera kubwinja
ngati mbuzi zomwe khola lasamuka zili kubusa.
Bambo ŵina a ku Chimwala anagulitsa ngxombe ziŵiri
papepala langa, mboni zitatu zitasaina.
Anabwera nalo atalipinda kanayi,
anandifunsa ngati imeneyi ndi mbeu yatsopano ya aboma.
Ndinasindikizanso ulere.

Kenako manja anazoloŵera njira.
Mawu anayamba kutsika okha, tapatapa,
ngati mvula yoyamba pamalata a wometa.

Ndiye dzana kunabwera mnyamata wa kwa M'baluku,
chikwama chili kumsana, basi ya ku Joni inyamuka Loŵeruka.
Dzina? Kassimu, ndinayamba kulemba.
Iyayi Abiti Salimu, mulembe monga za m'pasipoti,
akakandibweza pachipata mudzandibwezera ndalama ndinu?
Anatsegula kabukuko. Qassim.
Ndinadina pakona paja mosaganiza
ndipo pagalasi panatuluka Ŵassim, kofiya ili pamutu.

Tinaseka mpaka wometa anasuzumira, lumo lili m'manja.
Ndinaimbira Twaibu, anali pamzere wa mafuta.
Anati Q sanamuthamangitse, ali kuchipinda cha kuseri,
mugwire batani la pansi ndi chala chachikulu, mugogode pomwepo.
Anatulukadi, mchira uli pansi,
ngati mlendi amene wamva kuti mwini nyumba akumufuna.

Mnyamata analipira, anaŵerenga dzina lake kaŵiri, anapita.

Pano wina akabwereka makinaŵa amatukwana,
akuti kiyibodi ya Abiti Salimu ndi yolodzedwa.
Ndimangomuuza kuti mpando ndi womwewo, dikirani ndimalize.
Chala chokhota chija chimangoyandama pamwamba,
chatsala ndi P yekha woti chizimuyang'anira,
ndipo madzulo ndikamatseka loko
ndimatha kunyamula jumbo ya tomato ndi dzanja lomwelo.