Loweruka kwa Thobwa

Ntchito yanga ndi kunyamula.
Pa Kamuzu Road amandidziwa ndi belu losalira.
Ndanyamulapo matumba a mpunga wa ku Lifuwu,
mayi wotupa tsaya, mbuzi yomangidwa miyendo,
ngakhale mkwati wochedwa ku ukwati wake womwe.
Koma wa Loweruka ndi ulendo wina:
Ndaziona, mwana wanga wa zaka zisanu ndi zinayi,
womangidwa ndi chitenje kumsana kwanga
chifukwa kaliyala sadziwa kugwira munthu.

Miyendo yake inabadwa itakangana.
Bondo limapingasa linzake ngati sizasi ya telala,
zidendene zimakana dothi.
Kuchipatala anatiuza dzina lalitali la vutoli,
ine ndinaliiwala tisanatuluke pageti.

Ku famu ya kuseri kwa Khombedza kuli hatchi yokalamba,
mtundu wake ngati thobwa lamawere,
ndiye anangoitcha Thobwa.
Tsiku loyamba ndinakana.
Chinyama chonsechi, mano ngati chimanga cha mbewu,
ndi mwana amene ngakhale mpando umamugwetsa?
Mayi Kapalamula, aja ophunzitsa mafizo, sanalimbane nane.
Anangoti, "Bambo, imani apa, gwirani mwendo wakumanzere.
Jailosi agwira chingwe. Ine ndili kumanja."

Tinamukweza.
Mawondo anauma gwa, ngati mitengo ya mpanda.
Thobwa sanasunthe, ankangopuma,
nthiti zikufufuma ndi kuphwa, kufufuma ndi kuphwa,
kutentha kwake kukuboola bulangete,
mpaka ndinamva m'dzanja langa,
monga phula limafewera padzuwa,
mwendo uja ukutsika pang'ono.

Kenako anayenda.
Njinga yanga imangogudubuza munthu,
msewu nkumadutsa pansi pake iye ali duu.
Hatchi imabwereketsa chiuno.
Uku, uko, kutsogolo, uku,
chiuno cha Ndaziona chinkapita kumene sichinapiteko,
chikulawa kuyenda phazi lisanagunde pansi.

Musayese ndikusimba chozizwitsa.
Miyezi isanu ndi iwiri yatha, sakuyenda.
Masabata ena amalira chifikireni,
ena Thobwa amatsimphina chiboda,
timabwerera osakwera, thukuta langa litapita pachabe.
Anzanga a kabaza amandiseka:
"Kusiya makasitomala a tsiku la msika
kukaperekeza mwana kwa bulu wa azungu?"
Ndimangopopa tayala.

Sanaone zomwe ndinaona sabata yatha.
Chibadwire mwanayu amaona anthu kuchokera pansi:
mawondo, malamba, zibwano.
Ali pamsana pa Thobwa anandiyang'ana kuchokera pamwamba,
nayamba kuseka mpaka dovu kutsika,
lilime lake lolemera likulimbana ndi mawu:
"Ababa... dazi!"
Zaka zonsezi sankadziwa kuti bambo ake ali ndi dazi.

Jailosi atatha kupukuta misozi ya phwete
anamuonetsa kaimitsidwe:
kukhala tsonga, kukoka pang'ono, kunena kuti "Ima."
Ananena. Mawu anatuluka opindika,
koma chinyama cholemera kuposa matumba asanu ndi atatu
chinaima nji.
Palibe chinthu chinamumverapo mwanayu,
ngakhale supuni.

Pobwerera dzuwa linali paliwombo,
fumbi la malole a thonje m'maso.
Ndinamumanga monga mwa masiku onse,
koma chitenje sichinkandikoka pachifuwa.
Msana wake unkadzigwira wokha
kuyambira pamlatho mpaka pachigayo.
Si mtunda woti nkuuza munthu,
makasitomala ena ndimawadutsitsa pamenepo ulere.

Pachigayo anatopa,
mutu unagwera pakati pa mapewa anga
ukununkha thukuta la hatchi.
Titafika, amayi ake anatereka madzi oti amusambitse.
Iye anabisa manja m'khwapa.