Kampata

Ku Leicester, m'kachipinda kapamwamba pa shopu ya mafoni,
mayi Ostrowska, mmisiri wa mano,
anandilumitsa phala lozizira ngati dongo,
nati ndisameze, ndisayankhule.
Zaka makumi awiri ndikuyendetsa basi mumzinda uno
sindinakhalepo chete chonchi.

Ndinawapatsa chithunzi cha ukwati wanga ku Ntcheu.
"Mwakaona kampata aka pamano akutsogolo?
Musakatseke. N'ka bambo anga."
Sanaseke. Anakayeza ndi kachitsulo.

Tsiku lowayesa anati, "Tchulani mawu ovuta akwanu."
Ndinati tsabola. Ndinati mphepo. Ndinati kupsa.
Pa kupsa panatuluka mluzu.
Anawachotsa, nawapala pang'ono,
fumbi loyera lili mbuu pazala.
Kupsa, ndinateronso,
liwu n'kubwerera m'malo mwake.

Tsopano usiku uliwonse ndimayamba ndadzaza madzi m'sinki
kuti akapulumuka m'manja asasweke.
Madzi otentha ayi, amawapinda.
Mankhwala otsukira mano wamba ayi, amawakanda.
Kaburashi kofewa, sopo pang'ono, basi.
Nkhama zipumeko,
iwo agone m'kapu ya madzi pawindo
akumwetulira mvula ya Novembala.
Akayamba kugwedera sindiwamata ndekha:
ndimakwera masitepe aja.

Dzulo mlongo wanga Nasimango anaimba pavidiyo.
Za fetereza sanatchule n'komwe.
Anangoti duu, nayandikitsa nkhope pagalasi.
"Tasekanso."
Ndinaseka.
"Bambo enieni," anatero,
napukuta diso ndi nsonga ya chitenje,
netiweki n'kuduka
ine kukamwa kudakali yasa.