Fumbi Silinali m'Chigamulo

Woweruza anati zaka zisanu ndi chimodzi.
Ndinamva bwino, ndinali chiimire.
Za fumbi sanatchule.

Basi ya mawindo a waya inatitsitsa m'chigwa cha San Joaquin
mu Ogasiti, minda ya alimondi ili gwaa,
mphepo ikupala dothi n'kulikhuthula m'bwalo lathu.
Alonda ena anali ndi zophimba kumphuno.
Ife tinali ndi mphuno basi.

Anselmo Quiroga wa bedi lam'mwamba
ndiye anayamba kutsokomola.
Kasanu ndi kawiri analemba kapepala kopempha dokotala,
anamupatsa mapiritsi a mutu.
Usiku thukuta lake linkaboola matiresi
n'kundidonthera pachipumi ngati denga lothonya.
Pofika Khirisimasi pabedipo pankagona wina.

Tsopano chuku chamera m'mapapo mwanga.
Pa ekisileyi chimaoneka ngati thonje lomwazika.

Pensulo amatipatsa yaifupi ngati chala chakunkhonde,
yopanda chofufutira,
ndiye liwu lililonse ndimayamba ndalitafuna.
Fomu ikufunsa: wakuphwanyira ufulu ndani?
Mizere ndi itatu yokha.
Ndilembe mphepo?
Ndilembe amene anawerenga chenjezo la madokotala,
n'kulitsekera m'kabati,
n'kupita kukadya nkhomaliro?
Dzina lake sindilidziwa.
Ndalemba mkulu wa ndende, malo atha.

Loya wa boma wayankha masamba makumi anayi.
Akuti fumbi ndi la aliyense, mlimi nayenso amalipuma.
Zoona. Koma mlimi ali ndi kiyi wa galimoto.
Akuti dandaulo langa loyamba linachedwa masiku awiri.
Masiku awiriwo ndinali chigonere,
chubu m'nthiti, mwendo pa unyolo.

Ndinathyola sitolo ya eni, sindikana.
Ngongoleyo ndikubweza m'mawa ndi madzulo
akamatiwerenga ngati mabokosi.
Koma mapapo anga sanaimbidwe mlandu,
ndipo chifuwachi ndidzatuluka nacho pageti,
chilango chopanda tsiku lothera.

Mlongo wanga Odessa watumiza masitampa
ndi kakalata: usasainire chilichonse.

Lachinayi khoti la ku Fresno lindimvera pa foni,
mphindi khumi, mlonda ataima pambali.
Za Anselmo akuti si gawo la mlandu wanga.
Ndimutchula ndithu.
Koma choyamba adzati, nenani dzina lanu lonse.
Ndakhala ndikuyeserera usiku, nkhope kukhoma,
Lavelle Pettiford, ndi mpweya umodzi.

Dzulo ndinafika pa Petti.