Zigubu za Lachinayi

Zaka khumi ndi ziwiri ndinathyola tiyi,
masamba awiri ndi kansonga,
masamba awiri ndi kansonga,
mpaka zala zinkathyola bulangeti ndili m'tulo.
Lero zala zomwezo zimatola zitsekerero za mabotolo
m'ngalande za msika wa Luchenza.
Chiperoni chikatsika m'phiri
matope amandibisira malonda,
ndimapalasa ndi kamtengo ngati nkhuku ya anapiye.

Kutsidya kwa njanji, m'shedi ya malata adzimbiri,
Mai Namakhwa ali ndi chigayo chosadziwa chimanga.
Chimatafuna mabeseni ong'aluka,
mipando yothyoka mwendo pa maliro,
ndowa zomwe zinatopa ndi mzere wa pa mjigo,
n'kulavula tizibenthu, mphale ya mitundumitundu.
Amathiramo luzi la nthochi, louma, lopera bwino,
lomwe limabwera pa njinga kuchokera ku Thekerani.
Amati mafuta a pansi pa nthaka adzaphwa tsiku lina
koma nthochi ukaidula imasiya mwana pa tsinde.
Kenako moto, chikombole, madzi ozizira,
ndipo kagalimoto kamagwera m'manja
kali kofunda ngati dzira longoikiridwa kumene.

Lachinayi lija ndinafika ndikuimba mluzu.
Zigubu zisanu ndi chimodzi, zoyera, zochindikala,
ndinazipeza kuseri kwa sitolo ya ku esiteti.
Ndalama yake ndinali nditaidya kale panjira:
sopo, mchere, palafini,
yunifolomu ya Dolofe yomwe yafika pa ntchafu.

Sanaziike n'komwe pa sikelo.
Anatsegula chimodzi, nachinunkhiza chapatali,
nandilozera chithunzi chofufutika m'mbali mwake,
chigaza ndi mafupa awiri opingasa.
Ndinati, ndatsuka katatu, mayi,
ndi mchenga wa mu Thuchila.
Iwo anati, bambo a Dolofe,
mwana saseweretsa ndi manja okha.
Zisiyeni pano tiziboole,
wina angatungiremo madzi.

Ndinatuluka thumba lili pepu,
mutu uli tho ndi mawu osayenera kunena kwa mzimayi.
Pa geti mnyamata wa pa makina anandiponyera kagalimoto
kokanidwa chifukwa tayala limodzi n'lopotoka.
Ndinatsala pang'ono kukaponya pa njanji.

Kunyumba Dolofe anakamanga ulusi wa thumba la feteleza
n'kukayendetsa pa khonde, akulira ngati lole yokwera chitunda.
Kanapita motsimphina, kanabwera motsimphina,
mpaka kanaima pa mwendo wa Yotamu,
wa miyezi isanu ndi itatu,
yemwe mano awiri akumuyabwa m'nkhama.
Sanayang'ane mtundu wake.
Sanaone tayala lopotoka.
Anangokagwira ndi manja onse
n'kukalowetsa m'kamwa, mbali ya kutsogolo yonse.

Dovu linatsika pa chitseko cha galimoto,
pomwe pali kamzere kobiriwira
ka chitsekerero china, mwina chomwe ndinatola ine.
Amake anafunsa za sopo.
Sindinayankhe.
Ndinkamvetsera nkhama zija zikukwecha pulasitiki,
kwe, kwe, kwe,
ndipo fungo la chigubu chija linandibwerera m'mphuno.

Kapitawo wathu wakale, a Mulipa,
munthu wouma mtima, wodula makilo popanda chifukwa,
ananenapo chinthu chimodzi choona:
wodziwa kuthyola tiyi
umamuonera tsamba lomwe walisiya pa mtengo.

M'mawa uno chifunga sichinachoke msanga.
Pa mlatho ndapeza chigubu china, chachikulu kuposa zija,
cholemera bwino, cha makwacha ndithu.
Ndachiboola ndi msomali malo anayi
n'kuchikoleka pa njinga, kutali ndi thumba.
Yunifolomu ikadali yaifupi.
M'thumba muli zitsekerero mazana atatu,
theka la beseni lofiira,
ndi chogwirira cha kapu ya mwana wa wina.