Njere ya Moto

Pa esiteti ya ku Lisasadzi bambo ankalonda balani usiku,
kusonkhezera ng'anjo kuti fodya apse koma asanyeke.
Choyezera kutentha chinasweka ine ndisanabadwe.
Iwo ankangoyendetsa kuseri kwa dzanja pakhoma,
chikhatho chimodzi kuchoka papaipi, kenako ziwiri,
n'kunena: pano palusa, apa pagona.
Usathamange, Elube, zimvana zokha.

Lero ndimadya choko ku Santhe.
Ndikatha kuchonga makope a Fomu 4, magetsi akalola,
ndimatsegula mapepala a maphunziro anga a pakalata
ndipo khoma lija ndimalipeza momwemo, litavala zilembo.

Akuti tenga moto wonse, uupanikize pa kadontho kamodzi,
njere yosaoneka ndi maso, kenako uutaye dzanja.
Usanaphethire n'komwe wafika kale paliponse:
pafupi wambiri, kuphiri la Kasungu kachidutswa,
ku Chamama kongokwanira kuti usatchedwe ziro.

Funso langa la mayeso ndi la mtsetse wake.
Kuchoka pano kufika apo, kutentha kungagwe motani?
Sitiudziwa ndendende. Timangoumangira mpanda.
Nthawi imakhala pansi pa mzere wogawira,
ikamakula, mpanda umafupika,
phompho limasanduka chitunda,
chitunda n'kukhala kamtunda koti njinga ikwera osatsika.

Bambo anapita mu Juni, Lachiwiri, tiyi ali pakapu.
Tsiku limenelo nthawi inali ziro
ndipo ziro sagawira kanthu.
Pachifuwa panga moto, pakhomo la aneba wailesi ikuimba,
pakati pake chikhatho chimodzi chokha.

Tsamba lachisanu ndi chiwiri likundilonjeza kuti zisalala.
Koma lili ndi mawu ang'onoang'ono m'munsi:
malinga malowo asapindike ngati chishalo cha njinga.
Nanga mtima wanga anaupima ndani kupindika kwake?

China sananditsimikizire bambo, ndachipeza ndekha powonkhetsa:
motowo sutha. Ukaphatikiza konse kumene wafika
umakwana ndendende umene unali m'njere.
Ndiye ali mu chiyani tsopano?
M'kutsokomola kwa achimwene a Yotamu,
m'mene ndimagwirira mwana pamphumi ndi kuseri kwa dzanja,
pang'ono m'choko ichi.

Balani ija anagumula, njerwa anamangira khola la nkhumba.
Dzulo ndinatsika minibasi, ndinakagusa imodzi.
Inali yofunda.
Ndikudziwa, linali dzuwa chabe.
Ndinasunthabe dzanja, chikhatho chimodzi, kenako ziwiri.