Mboni Yonama

Kanyali kachikasu kanayaka titangodutsa Mtenguleni,
dzuwa lisanafike n'paliwombo pomwe,
mabokosi makumi anayi a matimati kumbuyo
akupsa mwakachetechete ngati ngongole.

Vaneti inayamba kutsokomola.
Ndinaponda moto mpaka phazi kugunda pansi,
iyo n'kumangoyankha ndi mphuno,
kuyenda kwa munthu wopita kukapepesa mlandu.
Anyamata a njinga za makala anatipitirira pachitunda,
mmodzi mpaka kundiimbira belu.

Koma thanki inali yodzaza.
Ndinathira ndekha ku Katete m'mamawa,
lisiti ili m'thumba la malaya, ikununkha dizilo.

Tinalowa m'Chipata chokwawa.
Ku Kapata, kuseri kwa ogulitsa matayala akale,
a Lufeyo anatsegula boneti osandipatsa moni.
Anasintha filita. Anauzira paipi ndi pakamwa,
kulavula, kupukuta ndevu ndi chikhatho.
Kenaka anagunditsa sipana pa injini,
khutu n'kuliika kumapeto kwake,
maso ali tsinzi, monga achitira zaka makumi atatu.
"Mtima wake ngwabwino," anatero,
"koma pali wina akuyiuza zoipa."

Anaitana Tikambenji, mwana wa mlongo wawo,
ovololo yomangidwa m'chiuno, pensulo m'tsitsi.
Anabwera ndi kakompyuta kochepa ngati buku la nyimbo,
anagwada pansi pa chiwongolero, n'kulumikiza chingwe.
Manambala anatuluka. Sanafulumire kuyankhula.
"Ndi sensa ya mafuta, malume.
Pampu ikukankha bwinobwino,
koma iyo ikukanena kuti mafuta afooka.
Galimoto yakhulupirira, ndiye ikudzimana."

Anaimasula n'kundiika m'dzanja.
Kanthu kosaposa chala changa chachikulu,
timano titatu tachita ndere yobiriwira.
Aka? Aka n'kamene kagwetsa chitsulo cha matani awiri?

Tinakatsuka, tinakabwezera, tinayesa mwayi.
Vaneti inathamanga mpaka pamaloboti,
ndinayamba kuwerengera phindu mumtima,
kanyali n'kuyakanso, phee, ngati sikanachokepo.

Yatsopano ili ku Lusaka. Ibwera pa basi mkucha.
Mtengo wake sindiutchula, ana angamve.
Matimati ndinawatula kwa amayi a pamsika ndi theka la mtengo,
akundiyang'ana ngati mbuzi yothyoka mwendo.
Ophwanyika anatenga mnyamata woweta nkhumba ku Mchini.

Usiku ndinagona m'galimoto momwemo,
miyendo pa giya, udzudzu m'khutu,
magetsi a nyumba za m'phiri akuthwanima patali.
Tulo tinakana. M'malo mwake anabwera Zakeyo,
mng'ono wanga wa bere limodzi,
amene sitinamwere chikho chimodzi zaka zisanu ndi chimodzi
chifukwa cha mawu amene munthu wina ananyamula
kuchokera pamaliro a bambo kukafika nawo kwa ine:
akuti wanena kuti ng'ombe ija unaiba.
Sindinamufunse. Ndinangozima.
Mwina naye anamutengera zake, akuzimva mpaka lero.
Ndani anagwadapo pansi pa chiwongolero chathu
kuti awerenge chimene chinafa?

Lachinayi kondakitala anandipatsa kabokosi,
kopepuka, ndinachita kukagwedeza kuti ndimve ngati muli kanthu.
Tikambenji anamanga, kulimbitsa pang'ono, osapitirira,
anafufuta manambala akale,
n'kunena kuti, "Lizani."

Injini inabangula ndi mawu ake akale.
A Lufeyo anagwedeza mutu kamodzi, n'kubwerera pansi pa minibasi.

Kakufa kaja sindinakataye.
Kali m'thumba limodzi ndi lisiti ya ku Katete,
kamandibaya pachifuwa ndikawerama.
Dzulo pamphambano ya ku Chadiza, kumene Zakeyo amalima soya,
ndinachepetsa liwiro, ndinayatsa indiketa,
wa thiraki kumbuyo analiza hutala,
ndinaizimitsa n'kupitirira.

Mafuta analipo okwanira kupita ndi kubwera.
Ndinayang'ana kawiri.