Funso Lachisanu

Kombi idandigunda pamsewu wa Seke mu Malichi,
nyali yakumanzere n'kuguluka ngati dzino.
Pano jakaranda wayamba kuyoyola maluwa,
galimoto ikadali kwa makaniko ku Graniteside,
mphaka waswera pampando wakumbuyo.

Ku inshulansi amangoti, "Fayilo yanu ili padesiki."
Desiki yake iti, sanena.

Lero Shamiso wa kampani ina
wandipatsa fomu, mtengo wotsika, cholembera.
Funso lachisanu: muli ndi dandaulo lomwe silinathe?
Ndaluma cholembera.
Ndikachoka, akale aja adzayankhanso foni yanga?
Ndikakhala, ndiye kudyetsa ng'ombe yosakamidwa.

Ndalemba kuti inde.
Shamiso wausa moyo, mtengo wakwera.
Ndabwerera ku Mufakose pa kombi,
mwina yomweyo.